Tsopano tili ndi ofesi yathuyathu: mbiri ya ntchito yathu yokonza malipoti okana kutseguka

Mwezi uno talowa m'chipinda chathu choyamba cha ofesi ku Limbe, ndipo mtima wanga wadzaza ndi chimwemwe. Ambiri a inu mudatidziwa tikadali kugwirira ntchito pa tebulo la pabalaza kunyumba, ine ndi mlongo wanga, laputopu imodzi ndi foni. Ntchito yathu ndi imodzi ndipo sidasinthepo: pamene lipoti la kuofesi lakana kukoka deta, timapeza chimene chatseka njira pakati pa pulogalamu ya malipoti ndi database (nkhokwe yosungiramo deta), n'kuchitsegula.

Anthu amadabwa kuti munthu angadye za ntchito yotere. Koma funsani akauntanti wa ku SACCO, sukulu kapena chipatala chaching'ono pa tsiku lomaliza la mwezi, abwana akudikira lipoti, pulogalamu ya malipoti ngati Power BI kapena Excel ikungolemba kuti "Login failed for user". Deta ilipo, yonse ili bwinobwino m'seva, kompyuta imene imatumikira makompyuta ena a ofesi. Chimene chavuta ndi khomo lolowera. Ambiri akafika pamenepo amauzidwa kuti agule seva yatsopano, pomwe vutolo likadatha popanda kugula kanthu.

Uthenga wa "Login failed for user" uja ndi vuto nambala 18456 la SQL Server, pulogalamu yoyendetsa database. Pa kompyuta ya wogwiritsa ntchito sulongosola chifukwa chake, ndipo opanga pulogalamuyo adachita dala kuti akuba asadziwe pomwe alakwitsa. Chifukwa chenicheni chimalembedwa mu ERRORLOG, fayilo imene seva imalembamo zovuta, pa kanambala kotchedwa state. State 8 ndiye kuti pasiwedi ndi yolakwika, 5 dzina lolowera kulibe, 38 munthu walowa koma database imene akufuna siyikutseguka, ndipo 58 akulowa ndi dzina lopangidwa mu SQL Server pomwe sevayo imalola maakaunti a Windows okha. Ife timayambira pamenepo nthawi zonse, tisadakhudze china chilichonse.

Chaka chimene chidatsala pang'ono kutigwetsa ndi 2022. Mu Januwale namondwe Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lidataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130, ndipo magetsi adayamba kuzima maola ochuluka tsiku ndi tsiku. Kasitomala wathu wamkulu nthawi imeneyo adali bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama, limene tidali titangolikonzera malipoti. Mwadzidzidzi malipoti onse adaima, ndipo seva inkangonena kuti "Cannot generate SSPI context". Munthu wina wogulitsa makompyuta adafika, adayang'ana mphindi zochepa, n'kuuza akuluakulu a bungwelo kuti ife taononga database ndipo njira ndi kugula seva ina kwa iye. Adatiimitsa ntchito, malipiro athu adawagwira, ndipo mbiri idayamba kumveka m'maofesi ena. Mu Meyi kwacha idagwa ndi 25 peresenti, zinthu zidakwera mtengo, lendi ikutidikira. Ndidaona mlongo wanga akuwerenga zotsatsa ntchito m'nyuzipepala, osandiuza kanthu.

Ndidapempha akuluakuluwo kuti andilole kuyang'ana sevayo komaliza, kwaulere, iwo ali pomwepo. Database idalibe vuto. Wotchi ya seva ya malipoti ndi imene idali itasochera kutali. Kerberos, njira imene Windows imatsimikizira munthu pa netiweki ya ofesi, imakana kompyuta imene wotchi yake yasiyana ndi inzake kupitirira mphindi 5. Kabatire kakang'ono ka CR2032 kam'kati mwa sevayo kadatha mphamvu, ndiye magetsi akazima n'kuyakanso, seva inkadzuka ndi tsiku lolakwika. Tidaika batire latsopano, tidakonza kuti wotchi izitsatira seva yaikulu, malipoti adatuluka madzulo omwewo. Bungwelo lidatilipira zonse ndipo mpaka lero ndi kasitomala wathu. Kwa achimwene aja ofuna kugulitsa seva: ntchito ya anzanu musamaiipitse kuti katundu wanu ayende, Limbe ndi yaing'ono, tonse timakumana.

Obwereketsa ndalama nawo tili ndi mawu. Pomwe tinkafuna ngongole yogulira sola ndi mabatire, adatifunsa kuti, "Nanga katundu amene mumagulitsa ali kuti?" Makontirakiti athu sadafune n'komwe kuwawerenga, ankafuna chikole cha nyumba. Achinyamata ambiri a luso la makompyuta amathera pa khomo lomwelo. Sola imene ili pa denga la ofesi yathu tidagula ndi ndalama za banki m'khonde ya akazi anga komanso zimene inu makasitomala mudalipira pa nthawi yake.

Kuyambira pamenepo takumana ndi mavuto amitundumitundu. Lodziwika kwambiri ndi la wantchito amene adaika pasiwedi yake mu gateway ya Power BI (kapulogalamu kolumikiza Power BI ndi database ya mu ofesi), kenako wasiya ntchito kapena wasintha pasiwediyo. Malipoti amaleka kudzikonzanso, ndipo zikalephera kanayi motsatizana Power BI imazimitsa yokha ndondomeko yonse yokokera deta yatsopano. Abwana amakhala akuwerenga manambala a sabata zapitazo osadziwa, ndipo limeneli ndi limene limandidetsa nkhawa koposa, chifukwa lipoti limatseguka ngati zonse zili bwino. Palinso la ODBC, njira imene mapulogalamu ngati Excel amalumikizirana ndi database, pomwe munthu wakonza kulumikiza pa 64-bit koma Excel yake ndi ya 32-bit, ndiye siziwonana. Kuyambira 2022 ODBC Driver 18 imabisa deta pa njira mosachita kuuzidwa, zimene n'zabwino, koma seva yopanda satifiketi yodalirika (chiphaso cha pakompyuta chotsimikizira sevayo) imakanidwa. Ena amangochonga "Trust server certificate" n'kumapita. Ife timaika satifiketi yoyenera, chifukwa mmenemo mumadutsa malipiro ndi maina a anthu. Za khomo la SQL Server (port 1433) lotsekedwa ndi firewall, mlonda wa netiweki, kapena mavuto olowera m'ma database ena monga PostgreSQL ndi MySQL 8, timakumana nazo pafupipafupi.

Ndithokoze Mulungu choyamba, amene watisunga. Zikomo amayi, chifukwa chotilola kusandutsa pabalaza panu ofesi osadandaula za mawaya. Zikomo akazi anga ndi amayi onse a gulu lanu la banki m'khonde, mudatikhulupirira pomwe ena adatibweza. Achemwali, inu mudakhala pomwe kudali kosavuta kuchoka, ndipo theka la ofesi ino ndi lanu. Zikomo akauntanti wamkulu wa bungwe lija, amene mudaumirira kuti atimvere kaye. Zikomo anyamata ndi atsikana amene mwaphunzira ntchito kwa ife, abale a kumpingo amene mudatchula dzina lathu kuntchito kwanu, ndi achimwene a kabaza amene amatifikitsa kwa makasitomala ngakhale kukugwa mvula.

Ngati malipoti a kuofesi kwanu akukana kulowa, akuduka pakati, kapena manambala sakusintha, musagule kanthu musadatiitane. Jambulani uthenga wonse umene kompyuta yalemba, mutitumizire pa WhatsApp, koma pasiwedi musatumize, ngakhale kwa ife. Kuyang'ana koyamba n'kwaulere, mtengo timakuuzani tisadayambe ntchito, ndipo tikamaliza timakusiyirani pepala lolongosola chimene chidavuta kuti wa IT wanu adzathe kukonza yekha. A ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu timakuthandizani pa intaneti. Mabungwe amene asaine nafe mgwirizano wa chaka mwezi uno tiwaunikira maakaunti onse olowera m'malipoti awo popanda malipiro owonjezera.