Dzenje lomwe tinakumba kawiri

Patha chaka chitsegulireni malo athu ogona alendo ndi mashopu anayi a lendi, ndipo sabata yatha zotsatira za madzi athu zabweranso kuchokera ku labotale zili bwino kachitatu. Pepala limenelo ndi lomwe landipatsa mphamvu zolemba izi, chifukwa ena atationa tikugumula zomwe tinali titamanga kale, ankati bizinesiyi yafera m'mazira.

Malowa tinawagula ine ndi akazi anga ali tchire lokhalokha, kutali ndi mapaipi a m'tauni. Kumudzi zonse umadzipezera wekha: madzi, chimbudzi, dzala. Tinakumbitsa mjigo, makoma n'kuyamba kukwera. Mmisiri wathu woyamba anasankha yekha poika thanki ya zonyansa, kuseri kwa zipinda, kuti mapaipi asalowe ambiri. Anati wamanga chonchi zaka zambiri popanda wodandaula. Tinamukhulupirira.

Tsiku lomwe a zaumoyo anabwera kudzayendera tisanapatsidwe chilolezo, sanayang'ane n'komwe utoto ndi malata omwe ndinkanyadira. Anatulutsa tepi, n'kundiuza kuti, "Bambo, tagwirani apa pa mjigopa." Iwo anayenda chafutambuyo mpaka pa dzenje lomwera madzi oipa ochokera m'thanki. Mamita 17. Anandifotokozera modekha kuti muyeso wotsatidwa m'malo ambiri ndi wosachepera mamita 30 pakati pa potunga madzi ndi chimbudzi kapena dzenje lotere, komanso kuti pansi pa dzenjelo pakhale mamita 1.5 pamwamba pa madzi a pansi pa nthaka, poyeza nthawi ya dzinja pomwe madziwo amakwera. Choipitsitsa, dzenje lathu linali kumtunda kwa mjigo, pomwe madzi a pansi nthawi zambiri amatsata kutsetsereka kwa malo. Tikanamwetsa alendo athu zotuluka m'zimbudzi zawo zomwe. Usiku umenewo sindinaone tulo.

Pofuna malo atsopano a dzenjelo, a zaumoyo aja anatiuza tikumbe timaenje, tithiremo madzi usiku wonse kuti dothi likhute, m'mawa n'kuyeza ndi rula kuti madzi akutsika msanga bwanji. Poyamba tinapeza makande okhaokha, madzi anangoti phee ngati m'beseni. Dothi lotere silimwa madzi, ndipo zonyansa zimabwerera pamwamba mvula ikagwa. Tinasunthira kumunsi, pomwe dothi ndi losakanikirana ndi mchenga, ndipo apo madzi anatsika bwino.

Miyezi inayi inapita osalowetsa kanthu. Omwe anatibwereka ndalama, aja ankatimwetulira tsiku losaina, anakana kutidikira ngakhale mwezi umodzi, chiwongoladzanja chikungokwera. Wina anatigulitsa mapaipi omwe anang'aluka titangokwirira, kenako foni yake osayankhanso. Akudzidziwa okha. Akazi anga ndi omwe anakana kuti tigulitse malowa pomwe ine ndinali nditataya mtima.

Lero thanki yathu ili ndi zipinda ziwiri, choyamba chachikulu kuti zolemera zizikhazikika pansi madzi asanapite kudzenje. Mjigo tinauzunguliza ndi simenti, ndi kangalande kochotsa madzi otayika kuti pasachite chithaphwi choswera udzudzu. Zimbudzi za panja zili ndi paipi yotulutsa mpweya yokhala ndi sefa pamwamba, ntchentche zikalowa zisatuluke, ndipo pakhomo lililonse pali posamba m'manja ndi sopo. Muyeso wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO umati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke kachilombo ka E. coli, kochokera m'chimbudzi cha anthu ndi nyama, ngakhale kamodzi. M'madzi athu simunapezeke.

Ndikuthokoza a zaumoyo aja, omwe tsiku loyamba ndinawaona ngati otitsekera mwayi, koma anabweranso kawiri kudzationetsa pokumba. Ndikuthokoza mmisiri wachiwiri, yemwe analola kuti timulipire pang'onopang'ono. Anyamata omwe anakumba dzenje latsopano dzuwa likuswa mtengo. Anansi omwe anatilola kudutsa m'munda mwawo ndi ngolo ya miyala. Alamu anga omwe anatibwereka popanda kufunsa tsiku lobweza. Ndi alendi athu awiri oyamba, omwe anadikira miyezi yonseyo osapita kwina. Amayi omwe amasesa ndi kutsuka zimbudzi m'mawa uliwonse, ukhondo womwe anthu amatiyamikira nawo ndi wa manja anu.

Tsopano shopu imodzi yatsala yopanda munthu, ndipo ili ndi mpopi wake. Zipinda zogona zilipo zisanu ndi chimodzi, za usiku umodzi kapena za mwezi wonse. Mukafika, musanalipire kalikonse, pemphani kuti muone chilolezo ndi pepala la ku labotale. Zonse tinazipachika pakhoma polandirira alendo. Mukafuna, ndikutengani kuseri mukaone thanki ndi mjigo, tepi ndili nayo yangayanga tsopano, muyeze nokha.