Foni ikabedwa mu likulu: zomwe ndimachita kuchokera pamsewu mpaka kupolisi

Mu likulu la dziko foni imapita m'njira ziwiri. Wina amakupisa m'thumba pamalo pothinana, monga pokwera basi, kapena amaitsomphola m'manja uli mkati moyankhula, iye ali panjinga yamoto. Wopisa m'thumba amatenga foni yotseka. Wotsomphola amatenga yotsegula kale, ndipo chomwe akufuna kwenikweni ndi ndalama zomwe zili mkatimo. N'chifukwa chake sindithamangira kupolisi kaye. Ndimayamba ndi simukhadi.

Ndimabwereka foni n'kuimbira kampani ya mafoni kuti itseke nambala yanga, kenako banki ndi akaunti ya ndalama zapafoni. Manambala achinsinsi otsimikizira kuti ndinedi amabwera pa nambalayo, ndipo wakuba safunika n'komwe kutsegula foni: amangosolola simukhadi n'kuiika m'foni ina. Simukhadiyo ikakhala ndi PIN, akaphonya katatu imadzitseka n'kuyamba kufuna PUK, nambala ina yoitsegulira ya manambala 8, koma anthu oika PIN pa simukhadi ndi owerengeka. Tsiku lomwelo ndimakatenga simukhadi ina ya nambala yomweyo, nditanyamula chiphaso. Ndikalembetsanso WhatsApp pa foni ina, ya m'foni yobedwayo imatuluka yokha.

Kenako ndimalowa mu akaunti ya Google kapena ya Apple pa kompyuta, n'kutseka foniyo ndili patali. Ndimajambula mapu osonyeza pomwe yaonekera komaliza, pamodzi ndi nthawi yake. Apa pali misampha iwiri. Pa Android, ukafulumira kufufuta zonse, foniyo siionekanso pamapu. Pa iPhone, ukaichotsa mu akaunti yako, wamasula loko yomwe imaletsa wina kuigwiritsa ntchito. Akuba amadziwa zimenezi, ndiye pakapita masiku amatumiza uthenga wonena kuti foni yapezeka, dinani apa mulembe nambala yachinsinsi. Uthenga wotere sindiuyankha, ndimangoujambula n'kukaonetsa apolisi.

Polisi yake ndi yoyang'anira dera lomwe ndaberedwera, osati ya kufupi ndi kunyumba. Mzinda waukulu umagawidwa m'zigawo, ndipo ukakadandaula kwina fayilo imayamba yayenda kaye munthu asanaitsegule. Ndimanyamula chiphaso, risiti yogulira foni ndi nambala ya IMEI. Imeneyi ndi nambala ya foniyo payokha, ya manambala 15, ndipo siisintha ngakhale wakuba asinthe simukhadi kakhumi. Foni ikadali m'manja imaoneka ukaimba *#06#. Ikapita, imapezeka pa katoni yake. Foni yolowa masimukhadi awiri ili ndi ma IMEI awiri, ndipo ndimapereka onse. Kwa ine, lipoti lopanda IMEI ndi pepala chabe: mafoni akuda a mtundu umodzi alipo miyandamiyanda mumzinda.

Pa sitetimenti ndi pomwe ndimachedwa. Ndimatchula tsiku, ola, msewu, chizindikiro cha pamalopo monga maloboti kapena sitolo, mbali yomwe wakubayo anathawira, zovala zake, ndi nambala ya njinga ngati ndinaiona. Zomwe sindinaone sindiwonjezera, chifukwa kukhoti bodza limodzi limagwetsa ndi zoona zomwe. Mawu ndimawasankha bwino. "Ndataya" amalembedwa ngati katundu wosowa, ndipo palibe amene amafufuza. "Andibera" ndi mlandu wakuba. Ngati anandikankha, kundimenya kapena kundiopseza ndi mpeni, ndimanena momwemo, chifukwa kulanda mwankhanza ndi mlandu wina, wokulirapo. Ndikavulala ndimapempha kalata yopita nayo kuchipatala tsiku lomwelo, mabala asanapole.

Wapolisi akamaliza kulemba ndimati, "Bwana, ndiloleni ndiwerenge kaye ndisanasayine." IMEI ndimaiwerenga nambala imodziimodzi. Pamanja, 1 ndi 7 zimasokonezana mosavuta, ndipo nambala imodzi ikalakwika ndiye kuti akusaka foni ya munthu wina.

Sindituluka popanda zinthu zitatu: nambala ya dandaulo langa m'buku la apolisi, dzina la wapolisi wofufuza, ndi lipoti lodindidwa. Lipotilo ndi lomwe banki, inshuwalansi ndi kampani ya mafoni zimafuna. Ngati pali cholipira, ndimalipira pomwe pakutuluka risiti. Ndalama "yamafuta" yopanda risiti siifulumizitsa kanthu, imangotsegula khomo loti akupemphenso.

Makamera sadikira munthu. Masitolo, mabanki ndi malo omwetsera mafuta amasunga zithunzi masiku kapena masabata ochepa, kenako makina amajambula zatsopano pamwamba pa zakale. Choncho ndimauza wofufuza pomwepo kuti kamera ili pakhomo lakuti, popeza eni ake kawirikawiri sapereka zithunzi kwa munthu wamba.

Chotsala ndi kulondola. Ndimapitako kapena kuimba sabata iliyonse, ndikutchula nambala ya dandaulo, osati dzina langa lokha. Kuti kampani ya mafoni iulule simukhadi yomwe yalowa m'foniyo, m'mayiko ambiri apolisi amayenera kutenga chilolezo cha khoti, ndipo zimenezi zimadya nthawi. Kumene kuli dongosolo loletsa mafoni obedwa, ndimapempha kuti IMEI iikidwe pa mndandandawo, koma ndimayamba ndafunsa wofufuza, chifukwa foni yoletsedwa siilowanso pa netiweki ndipo kuilondola kumavuta.

Foni ikatulukira pamapu sindipitako ndekha. Kadontho ka pamapu kamaloza msika wonse kapena nyumba yosanjikizana, osati chitseko, ndipo woigwira akhoza kukhala wogula wachitatu, kapena gulu lokhala ndi zida. Chithunzi cha mapucho ndimachitumiza kwa wofufuza. Ikapezekadi, siibwera m'manja tsiku lomwelo: imasungidwa ngati umboni, nthawi zina mpaka mlandu utatha, ndipo pokaitenga amafananitsa IMEI yake ndi ya pa katoni ndi pa lipoti lija.