Bilu ya madzi, njuchi ndi tsache la mdala

Ntchito yanga ndi yokonza panja, maluwa, kapinga, mitengo, m'maofesi ndi m'makompaundi aja a nyumba zambiri mpanda umodzi muno mu Lilongwe, ndipo Okutobala ndiye foni siipuma chifukwa bilu ya madzi ikangofika aliyense amakumbukira kuti kunja kuli kapinga.

Lolemba ndinali ku Area 43 pa kompaundi ina, atcheya a komiti ya eni nyumba akuti paipi yaphulika pansi. Tinatseka mipopi yonse, mita inaima chilili, palibe chikudontha. Wakuba anali ma sprinkler amene amawatsegula dzuwa lili paliwombo. Ndinawawerengera pa pepala: milimita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, ndipo kutentha kwa mwezi uno kapinga amamwa pafupifupi mamilimita 5 patsiku, ndiye malo a masikweya mita 1,000 ndi malita 5,000, thanki yathunthu tsiku ndi tsiku, madzi omwewo ochokera ku Kamuzu Dam oyeretsedwa kuti anthu amwe. Atcheya anangoti "eee abwana, ndiye tikuweta ng'ombe yosakamidwatu". Tinagwirizana kuti kapinga atsale pomwe ana amasewera basi, kwinako tipange mabedi.

Lachiwiri ndi Lachitatu kukumba, kuthira manyowa, kuyala timapaipi ta dripi, todontheza madzi pang'onopang'ono pa tsinde. Mitengo ndakana kubzala pano, idikire mvula, ngakhale madam ena amafuna aone zobiriwira mawa lomwe. Zomwe talowetsa ndi zopirira, ma aloe ambiri chifukwa amachita maluwa nthawi yozizira cha mu Juni ndi Julayi pamene njuchi zilibe pogwira, rosemary, lavender, salvia, komanso mpungabwi umene anthu amauona ngati tchire koma upiteni m'mawa mukaone mmene njuchi zimauunjirira. Kumpanda mvula ikagwa tidzaika nandolo, ndipo pakona pali malo ndikufuna msangu, mtengo wa mutu wake uja woyoyola masamba dzinja n'kuphukira chilimwe. Maluwa a rozi othithikana aja ndi okongola pa chithunzi koma njuchi imavutika kufika pakati, boganiviliya nayenso amapirira chilala bwinobwino koma njuchi sizimucheukira kwenikweni. Lantana ndinazula yense. Agulugufe amamukonda inde, koma mbalame zikadya zipatso zake zimakamufesa kudambo ndi m'minda ya anthu, akamera kumeneko kumuchotsa ndi nkhondo.

Koma nkhani yeniyeni ya sabata ino ndi tsache. Tinaphimbira mabedi onse ndi udzu wouma, masamba ndi makoko a mtedza kuti chinyontho chisathawe, Lachitatu m'mawa ndikufika ndapeza mdala wosamalira pamalopo wasesa bedi lonse lakugeti mbee, utsi uli tolotolo kuseri. Sindinakalipe, munthu wamkulu, ndipo wagwira ntchitoyi zaka zambiri akuyamikiridwa chifukwa cha kusesa komweko. Akuti "bwana, pakhomo posasesa anthu amati pali waulesi, madam akaona zinyalalazi andichotsa ntchito, komanso mukuitana chiswe ndi njoka". Za chiswezo sakunama ayi, n'chifukwa chake zophimbirazo timazitalikitsa ku khoma la nyumba ndi pa tsinde. Ndinawatenga tikapise dzanja pa bedi lophimbira, pansi pozizira ponyowa, kenako pomwe anasesa, dothi lotentha louma gwa. Anati kumudzi kwawo alangizi amanena zomwezi za mapesi m'munda, kungoti samaganiza kuti za kumunda zingalowe kuma yadi. Chomwe chinathetsa nkhani si dzanjalo, ndi atcheya kulemba pa gulupu ya WhatsApp kuti masamba ali m'mabediwo aikidwa dala, wina asakalipire wantchito.

Lachinayi foni yochokera ku ofesi ina ku City Centre, njuchi zadzadza pakhomo lolowera, amanijala aitana kale munthu wopopera ndi cypermethrin wake. Nditafika palibe chisa, zimangotsata madzi odontha pa paipi ya AC, nyengo ino nazonso ludzu komanso madziwo zimakaziziritsira mng'oma. Paipiyo tinailozetsa mu bedi la maluwa, kuseri kutali ndi khomo tinaika beseni la madzi muli miyala yoti zizitera osamira, ndipo ndawauza azikhuthula pafupipafupi kuopa kuweta udzudzu. Wopoperayo sanasangalale nane, geni yake ndinaiwononga. Nsabwe zikagwira maluwa ndimayamba ndi sopo kapena nimu, mankhwala akakhala osapeweka ndi madzulo njuchi zitapita, osati pa duwa lotseguka.

Lachisanu msonkhano wa komiti ya ku Area 43 ija. Mayi ena anadzuka kuti mwana wawo akalumidwa amatupa thupi lonse, ndiye inu mukutibweretsera njuchi dala? Funso lomveka, sindinalizembe. Pa pulani lavender ndi mpungabwi ndazichotsa pafupi ndi katungwe ndi njira ya ana, zapita kumpanda. Bambo ena amene amalima maungu kuseri kwa nyumba yawo ndi amene anandithandiza, akuti chaka chatha timaungu timangofota n'kugwa tili tating'ono, ndinawafotokozera kuti dzungu lili ndi duwa lalimuna ndi lalikazi padera, popanda kachilombo konyamula mungu palibe chimene chimagwira, ndipo anayamba kutsutsana ndi anzawo m'malo mwanga ine nditangokhala.

Avomera gawo loyamba lokha la ntchitoyi, koma lachiwiri la magatala ndi thanki ya madzi a mvula akuti ndalama kulibe mpaka Januwale, pomwe mvulayo idzakhala itayamba kale. Sabata yamawa tikumba ngalande zopingasa kumunsi kwa malo oimika magalimoto ndi kubzala vetiva m'mphepete, kuti madzi othamanga pa simenti azilowa pansi pomwepo m'malo mothawira kumsewu. Theka la malipiro sanandipatsebe.