Phulusa wakwanitsa masiku asanu m'khola

Lachinayi, kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe

Ndadzuka 4 koloko m'mawa osati chifukwa cha alamu ayi koma phokoso la kolala ya pulasitiki yomwe mphaka wathu wavala m'khosi kuti asanyambite bala, ikungoti kho kho kho m'mawaya a khola. Phulusa amafuna kutembenuka nde kolalayo ndi yaikulu ngati fanulo, kulikonse komwe waloza mutu ikugunda. Ndinayatsa tochi ya pafoni poti magetsi anali atapita kuyambira madzulo, ndipo chinthu choyamba chomwe ndinayang'ana si nkhope yake ayi, ndi mchenga wa m'thireyi. Unali wonyowa. Wakodza yekha. Ndinapumira m'mwamba.

Kwa amene simunamve, Phulusa ndi mphaka wathu, anzathu achishona pano amati katsi. Dzinalo anamupatsa ndi agogo chifukwa ubweya wake ndi wotuwa ngati phulusa la pamoto. Loweruka lapitali madzulo galimoto inamugunda pamsewu wa kutsogolo kwathuku, anadzikwakwaza yekha mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala ndipo anamupeza ndi mwana wanga wamkazi akuchokera kumjigo. Kwa dokotala wa ziweto anamujambula X-ray nkupeza kuti fupa la m'chiuno lathyoka, komanso pantchafu panali bala lalitali lomwe anasoka. Adokotala anandilongosolera bwino kuti mafupa a m'chiuno azunguliridwa ndi minofu yambiri yomwe imawagwira pamodzi, nde ngati sanasunthe kwambiri amatha kulumikizana okha popanda opaleshoni, bola mphakayo asadumphe, asathamange, akhale m'khola masabata 6. Ulusi akachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14. Za mkodzo ndi zomwe anabwereza katatu konse, akuti ngozi ya m'chiuno imatha kuwononga chikhodzodzo kapena mitsempha yake, tsiku lathunthu likadutsa osakodza ndibwerere naye msangamsanga. Ndiye chifukwa chake munthu wamkulu ine ndikumadzuka usiku kukasuzumira mchenga.

Vuto la lero linali kudya. Dzulo lonse anangonyambita pang'ono basi, ndipo mankhwala ake ochepetsa ululu, a madzimadzi aja otchedwa meloxicam omwe ndimayeza ndi kasirinji kamodzi patsiku, anandiuza kuti ndizimupatsa pokhapokha wadya, akapanda kudya kapena akamasanza ndisiye ndiyimbe foni poti amatha kupweteka m'mimba ndi impso. Nde taonani mmene zinthu zimamangirana, sakudya chifukwa akumva kuwawa, mankhwala a kuwawako sangamwe chifukwa sanadye. Komanso mphaka si galu, akakhala masiku angapo osadya chiwindi chimadzaza mafuta nkuyambanso matenda ena pamwamba pa ovulalawo. Zimenezi zinandikhala pamtima m'mawa onse, ngakhale phala la mwana ndinapsereza.

Agogo anabwera ndi mkaka m'sosala. Ndinati agogo pepani, mkaka umamutsegula m'mimba, ndipo panopa sangathe kunjuta bwino. Anandiyang'ana kanthawi nkunena kuti kwawo ku Dedza amphaka ankadya makoswe ndi mkute basi ndipo palibe anafa ndi mkaka. Sindinatsutse. Anamwa okha mkakawo mu tiyi, kenako anakoka mpando nkukhala pafupi ndi khola akumuyankhula Phulusa ngati mdzukulu wawo, amvekere "iwe, ukapanda kudya ufa wanga alonda ndani?" Ndipo sakunama. Chisanabwere chinyama chimenechi makoswe ankaboola matumba a ufa ndi mtedza womwe ndimagulitsa pageti, chaka china anadya mpaka waya wa firiji. Zaka zinayi tsopano sitinagulepo mankhwala a makoswe.

Cha m'ma 9 ndinatsuka bala. Madzi ndimawiritsa kaye, theka la lita, nkuthira kasipuni kakang'ono kamodzi ka mchere, akazizira ndimanyowetsa kansalu koyera nkumapukuta pang'onopang'ono m'mbali mwa ulusimo. Dettol sindigwiritsa, adokotala anakaniza poti mankhwala a mtundu umenewo amamupweteka mphaka, makamaka poti chilichonse chomwe chili pathupi pake amanyambita. Bala likuoneka bwino, silikununkha, mafinya palibe, kufiira kwachepa poyerekeza ndi Lolemba. Chomwe ndikuopa ine ndi ntchentche. Kutentha kwa Okutobala uno mukukudziwa, m'tauni majakaranda achita maluwa koma kuno kwathu ndi fumbi ndi ntchentche basi, ndipo ntchentche ikaikira mazira pabala mphutsi sizichedwa. Ndaphimba khola lonse ndi neti yakale ya udzudzu, ndayika pakona pomwe dzuwa silifika. Kholalo ndi la nkhuku lomwe achimwene anandibwereka, tinalitsuka nkuyala katoni pansi ndi thawulo pamwamba, thireyi ya mchenga ndinadula mbali imodzi kuti asamakweze mwendo polowa.

Tsopano nkhani yomwe yandipangitsa kulemba lero ndi iyi. Masana ndinapita kumjigo, mzere unali wautali, ndinakhalako pafupifupi ola. Pobwera ndinapeza amayi ena oyandikana nafe ali pakhomo ndi mwana wanga, m'manja muli piritsi la Panado aliphwanya kale pasipuni asungunula ndi madzi. Anamva kulira kwa Phulusa kudutsa mpanda nde chisoni chinawagwira, amafuna kuthandiza. Ndinatula chigubu pansi mwamphamvu mpaka madzi kutayika, ndinati amayi chonde imani, musamupatse. Mawu anga anakwera kuposa mmene ndimafunira. Iwo anadabwa, amvekere "si timapatsa ana omwe, nanga theka lokha lingatani?"

Ndinawakhazika pansi nkuwafotokozera mmene anandifotokozera inenso. Panado ndi paracetamol, ife anthu chiwindi chathu chimatha kuyiphwanya nkuyitulutsa, koma chiwindi cha mphaka chilibe mphamvu imeneyo. Mankhwalawo amawononga magazi mpaka amalephera kunyamula mpweya, nkhama zimasintha mtundu nkukhala zoderako, nkhope ndi mapazi zimatupa, amapuma movutika. Piritsi limodzi la 500 mg litha kupha mphaka wamkulu. Palibe zoti theka kapena kachidutswa. Ibuprofen nayenso chimodzimodzi, osayerekeza. Amayi aja anagwira pakamwa, anataya okha zapasipunizo kuseri nkutsuka sipuni kawiri. Ine ndinawapepesa chifukwa chokweza mawu, iwo anati ayi mwachita bwino kufika nthawi yake. Mpaka pano manja anga akunjenjemerabe ndikaganiza kuti mzere wa kumjigo ukanatalika ndi anthu awiri okha bwenzi ndikulemba zina. Ndipo amayi amenewa ndi munthu wabwino zedi, ndi omwe anatibwereka ndalama ya kombi Loweruka lija. Ngati muli ndi mphaka uzani onse a pakhomo panu ndi oyandikana nawo omwe, lero lomwe, poti amene angamupatse Panado ndi amene amamumvera chisoni.

Si onse akumva chisoni ayi. Bambo wina yemwe amagula mtedza pageti anafunsa kuti ndalama zonsezo pa mphaka, bwanji osangotola wina poti ana amphaka ali mbwee kumsika. Wina dzana ananena za ufiti, kuti mphaka wosafa atagundidwa ndi galimoto ngokayikitsa. Zimandipweteka. Ndalama zinapitadi, madola omwe ndinasungira katundu wa mwezi uno kumsika waukulu wa Mbare Musika, ndipo mwezi uno tikhala tikudya masamba kwambiri. Koma chiweto chomwe chakugwirira ntchito zaka zinayi, chimagona kumiyendo kwa mwana wako nthawi yozizira ya Juni, sungachisiye pansi pa mtengo chikulira. Ine sindikanatha. Bamboyo ndinangomupatsa mtedza wake ndi chenji.

Madzulo agogo atapita kumsonkhano wa amayi ku CCAP, poti Lachinayi sajomba, ndinayesanso za chakudya. Ndinawiritsa kachidutswa ka chidali cha nkhuku popanda mchere, popanda anyezi kapena adyo poti zimenezonso zimawononga magazi a mphaka, nkunyenyanyenya ndi zala. Ndinatenganso kapenta pang'ono, tinsomba touma ta ku Kariba, nkumunyika m'madzi nthawi yaitali ndikusintha madziwo kuti mchere uchoke, ndinangofuna fungo lake. Ndinazifunditsa pang'ono poti mphaka amadya ndi mphuno, chakudya chozizira sachilabadira. Kenako ndinatseka chitseko, ndinamuvula kolala ija nkukhala pansi pafupi naye, maso anga ali pabala kuti asayambe kuzula ulusi ndi mano.

Poyamba anangonunkhiza nkutembenuza mutu. Ndinapaka msuzi pachala nkumuyandikizira, ananyambita. Ndinapakanso. Kachitatu anatsata chala mpaka pambale, ndipo anayamba kudya yekha, pang'onopang'ono, akupumira, koma anadya mpaka kutsala tizidutswa tiwiri. Mwana wanga amafuna kukuwa ndi chimwemwe ndinamugwira mkono kuti iwe khala chete ungamudzidzimutse. Atamaliza ndinamupatsa mankhwala ake ndi kasirinji pambali pa kamwa, anameza osalimbana. Ndinatumiza uthenga pa WhatsApp kwa adokotala ndi chithunzi cha mbale, anayankha kuti zili bwino, tsopano tidikire chimbudzi poti sanachite chingavulalire, ndipo kudzimbidwa kumachitika kawirikawiri kwa mphaka wothyoka chiuno. Akuti azimwa madzi ambiri, ndizithira madzi pang'ono m'chakudya, ndipo mawa likadutsa osachita kapena ndikamuona akudzikakamiza osatuluka kanthu ndipite naye.

Kumubwezera kolala kunali kowawa kwa ine. Anandiyang'ana nkulira kamodzi kokha. Koma ndinamuveka, poti usiku sindingamulondere ndipo ulusi umodzi ukazuka ndiye kusokanso.

Chinanso chomwe ndaona lero, wayamba kukanda chitseko cha khola kufuna kutuluka, ndipo waima ndi miyendo yonse inayi kwa kanthawi, wakumanzere akungougunditsa pansi. Mchira ukugwedezeka ndikamusisita kumsana. Mwana wanga akuti amayi ndiye wachira timutulutse aziyenda pabalaza. Ndakana. Mankhwala akabisa ululu iye aziona ngati ali bwino, adumphira pawindo, fupa lisanalumikizane. Masabata 6 ndi 6, ndalemba pakalendala ya kukhitchini ndipo tikumadula tsiku lililonse, lero tadula lachisanu.

Panopa ndi 10 koloko usiku, magetsi sanabwerebe, ndikulemba ndi batire yotsala pang'ono. Agogo agona. Atabwera kutchalitchi anafunsa za Phulusa asanavule ndi nsapato zomwe, nditawauza kuti wadya anangoti "eya" nkupita kukamusuzumira pansi pa neti. Phulusa wagona chammbali, mbali yabwinoyo, ndipo ndikayika khutu pafupi ndikumva kaphokoso kake ka pakhosi kaja koyamba chichitikireni ngoziyi. Nkhuku yotsala ndayiika m'kapoto m'beseni la madzi kuti isasase. Mchenga ndasintha, ndiwuyang'ananso 4 koloko.