Zitenje ziwiri, dzuwa likuswa mtengo

Lolemba ndinayamba ndi mayi wa ku Chipoka, wobereka kasanu. M'buku lawo lachipatala munalembedwa za msana. Tinakambirana za msanawo mpaka ndinawafunsa chomwe amangira zitenje ziwiri ndi kutentha kwa Salima kuno. Anayang'ana kaye kukhomo. "Adokotala, ndikatsokomola kapena kusenza ndowa, mkodzo umandipulumuka." Zaka zitatu ali chete, kwaya anasiya.

Anthu akamva za ntchito yanga ya mafizo amangoganiza za sitiroko ndi miyendo yothyoka. Komatu pansi pa chiuno pali minofu yoyalika ngati ukonde, kuchokera pafupa la pachinena kukafika kumapeto kwa msana. Ndiyo imachirikiza chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo la chimbudzi, n'kumatsekanso njira zake. Uchembere, kudzimbidwa, chifuwa chosatha ndi katundu wolemera zimaifooketsa.

Vuto ndi lakuti siioneka. Dzina la Kegel, dokotala wa ku America amene analemba za masewera olimbitsa minofuyi mu 1948, sindivutika nalo. Ndimangoti, "Mayi, finyani ngati mukubweza mphweya muli pamaso pa apongozi." Amaseka, koma amaipeza pompo. Kufinya, kuwerenga mpaka 5, kumasula, uku akupuma bwinobwino, katatu patsiku kwa miyezi yosachepera itatu. Asanatsokomole kapena kutukula ndowa, ayambe afinya.

Lachiwiri kunali sikelo, ndinaphunzitsa oyembekezera zomwezi. Lachitatu kunabwera bambo wina, msodzi wa ku Senga Bay, yemwe akudontha mkodzo chichitireni opaleshoni ya prostate, kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo. "Si za azimayi izi?" Ayi bambo, minofuyi nanunso muli nayo. Tsiku lomwelo mayi wina anadandaula ululu akakhala malo amodzi ndi amuna awo. Iwo minofu yawo ndi yokungika kale, kufinya kukanangowonjezera moto, ndiye tinaphunzira kumasula ndi kupuma mozama.

Lachinayi ndilo likundikhalabe pamtima. Mtsikana wa zaka 19, anamuperekeza mayi ake kuchokera ku Khombedza. Matenda a uchembere anamutengera masiku awiri, mwana sanakhale moyo, ndipo chichokereni mkodzo umangoyenda usana ndi usiku, kaya wagona kaya wakhala. Winawake anamuuza kuti mafizo athandiza. Ndinaitana anamwino, tinamuyeza: fistula. Mutu wa mwana ukakanirira nthawi yaitali, mnofu wopanikizika umafa, n'kusiya bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira ya abambo. Bowo silitsekeka ndi kufinya, ngakhale atafinya chaka chonse. Tinamulembera kalata ya ku Bwaila, ku Lilongwe, komwe amasoka. Ntchito yanga idzayamba akadzabwerako. Mayi ake anangofunsa chimodzi: "Nanga m'minibasi akakhala bwanji?" Tinawapatsa pulasitiki ndi nsalu.

Lachisanu ndikutseka, mayi a ku Chipoka aja anatulukira, tsiku lawo lisanakwane. Kumbuyo kwawo kunali mnzawo wa kukwaya, buku lili m'manja. Nditatsegula, namonso munalembedwa za msana.