Majisitireti sanathawe mlandu ayi

Dzulo m'minibasi yochokera ku Limbuli ndinapsetsana mtima ndi bambo ena. Ankati majisitireti adya chibanzi, chifukwa mnyamata woganiziridwa kuti anapha mnzake kumowa anangolowa m'khoti mphindi zochepa n'kubwereranso kurimandi, mboni osaitanidwa ngakhale mmodzi. Tinafika pa Chitakale tisanamvane, ndiye ndingolemba pano.

Abale anga, mlandu wakupha sazengera kwa majisitireti. Umenewo ndi wa Bwalo Lalikulu, ndipo ngakhale belo pa mlandu wotero amapereka ndi jaji wa kumeneko. Tsiku loyamba lija ntchito ya majisitireti ndi ina: munthu auzidwe chimene wamangidwira, khoti lione kuti apolisi akumusunga mwalamulo, kenako nkhani itumizidwe kumtunda. Lamulo limalola majisitireti kuyamba wamva mboni kuti aone ngati umboni ulipo wokwanira, koma kawirikawiri mkulu wozenga milandu ya boma amangolemba chikalata choti mlandu upite ku Bwalo Lalikulu, basi.

Ine chimene ndimachiona chachikulu ndi gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko: womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Enafe timaona ngati n'kunyengerera zigawenga, koma dikirani agwire mwana wanu chifukwa chongofanana malaya ndi wakuba, mudzawawerenga ndi zala maolawo!

Pondiwawa ine ndi pa anthu amene akatumizidwa kurimandi amatha zaka mlandu osayamba, achibale osadziwa pogogoda. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau mukafunse zopempha belo. Bambo a m'minibasi aja, ngati muli pa Facebook, moni wanu.