Magazi otsala apita kuti?

Ndinkafuna kuyeza magazi a odwala malungo mu labotale kuti ndione ngati tizilombo tayamba kupirira mankhwala. Ndisanatenge ngakhale dontho limodzi, ndinayenera kupeza chilolezo ku komiti yoteteza anthu olowa mu kafukufuku.

Ndinapereka ndondomeko ya kafukufukuyo, fomu yoti odwala asayine yolembedwa m'chinenero chawo, ndi satifiketi ya maphunziro a kasamalidwe ka anthu ofufuzidwa. Apo panalibe vuto.

Patapita milungu ingapo anandiitana. Pa fomu yanga panali funso limodzi la inki yofiira: "Magazi otsala apita kuti?" Ine ndinali nditangolemba kuti tidzawasunga mufiriji ya madigiri 80 pansi pa ziro kuti adzagwire ntchito m'tsogolo. Mayi wina woimira anthu wamba m'komitimo, osati dokotala, anandifunsa modekha: "Adokotala, ntchito yanji, ndipo mwini magazi walola?" Kenako anatchula Henrietta Lacks. Mu 1951 ku Baltimore, mzinda wa ku America, madokotala anatenga maselo a khansa ya khomo la chiberekero chake osamuuza. Iye anamwalira chaka chomwecho, koma maselowo, otchedwa HeLa, akuchulukitsidwabe m'malabotale padziko lonse, ndipo abale ake anadziwa patadutsa zaka zoposa 20. Mayi wa m'komitiyo ankanena zoona, ndipo zinandikhudza.

Fomu ndinailembanso. Kulola kuyezedwa kunakhala payekha, kulola kusunga magazi payekha, kulola kuwatumiza kunja payekhanso, chilichonse ndi bokosi lake la "inde" kapena "ayi". Ndinalemba zaka zosungira, ndi kuti munthu angathe kusintha maganizo osataya chithandizo chake. Pa botolo pamakhala nambala, dzina ayi. Buku lolumikiza ziwirizi limatsekeredwa kwina. Wosadziwa kulemba amadinda chala, pali mboni yosakhala m'gulu lathu. Zambiri mwa izi zimachokera mu Chikalata cha Helsinki cha 1964, cha mfundo zoteteza anthu olowa mu kafukufuku wa zachipatala, chomwe chinakonzedwanso mu 2024.

Chilolezo chinatuluka cha chaka chimodzi, ndipo kusintha kulikonse kumayenera kubwerera ku komiti.

Sabata yoyamba, bambo wina anamvetsera fomu yonse mpaka kumapeto. "Yezani," anatero, "koma otsalawo musasunge." Titamaliza kuyeza, ndinatulutsa botolo lawo mufiriji, ndinaliika m'chidebe cha zokawotcha, ndi kulemba tsikulo m'buku.